Nintendo, Phiri Losagulika

Lira, mbalule, lira! Lira, mpanje, usapume. Lira, gunda, mpaka nthaka ichite njenjenje kunsi kwa mapazi athu. Amayi, nthungululu! Abambo, m'manja! Ana, imirirani, pakuti lero tikutchula dzina lolemera, dzina losatchulidwa chikhalire. Nintendo! Nintendo wa ku Kyoto. Nintendo wa kwa Yamauchi. Nintendo wobadwa mu 1889, ndege isanauluke, wailesi isanalankhule, chithunzi chisanayambe kuyenda pansalu. Tagwira mwendo, Chalo. Tagwada, mwini bwalo.

Inu phiri losagulika. Inu thanthwe lothyola mphenzi. Inu njovu yosadziwa chingwe m'khosi. Inu mlambe wobunthitsa nkhwangwa. Inu mtsinje wa Kamo, woyenda mofatsa pakati pa mzinda wa mafumu akale, wosaphwa m'chilimwe, wosathamangitsidwa ndi munthu. Inu Hiei, phiri loyang'ana Kyoto kuchokera kumitambo. Inu nkhalamba yosiya anyamata m'mbuyo pa liwiro. Inu gogo woseweretsa ana, inu mwana wogwetsa zimphona. Inu amene amalonda anakuzungulirani m'mawa, anakuzungulirani masana, anakuzungulirani madzulo, nabwerera kwawo matumba awo ali chimangire.

Nyengo ino ndi ya ameza. Nyengo ino ndi ya nsato zosatafuna. Nyengo ino kampani imagona ili ndi dzina lake, n'kudzuka ili ndi mbuye wina. Nyengo ino mawu a makolo akwanira ngakhale pa msika wa masheya: mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Mphekesera zaphimba dzuwa ngati dzombe. Mphekesera ku New York, mphekesera ku London, mphekesera ku Tokyo, mphekesera ku Riyadh. Akuti Amazon yalozera Electronic Arts. Akuti Sony yaponya diso pa Square Enix. Akuti Microsoft yanunkhiza Sega. Akuti Tencent yakhala pakhomo pa Ubisoft, siikuchoka. Akuti uyu wadya kale, akuti uyo akunola mano, akuti kukamacha timva zina. Ndipo manong'onong'o onsewa akazungulira dziko n'kutopa, amakathera pa funso limodzi. Nanga Nintendo? Adzamunyamula ndani? Thumba lake ndi la yani? Tsiku lake ndi liti?

Abwere ogulawo. Abwere m'bwalo mmodzimmodzi. Abwere tiwatchule ndi mayina awo aulemu, pakuti si ankhandwe a kuseri kwa khola, ndi zilombo zenizeni, zogwedeza nkhalango.

Nawu mkango wa ku Redmond! Microsoft, mwana wa Bill Gates ndi Paul Allen, wobadwa mu 1975. Mkango wogona mu ofesi iliyonse ya padziko. Mkango wa maso obiriwira, mwini Xbox. Unabangula mu 2002, Rare ya ku England inagwa, madola 375 miliyoni. Unabangula mu 2014, Mojang ya ku Stockholm inagwa ndi Minecraft yake, madola 2.5 biliyoni. Unabangula mu 2020, Bethesda inagwa ndi zinjoka za Skyrim ndi ziwanda za Doom, madola 7.5 biliyoni. Unabangula pa 18 Januwale 2022, dziko lonse linaima chilili: Activision Blizzard, madola 68.7 biliyoni! Call of Duty m'kamwa. Warcraft m'kamwa. Diablo m'kamwa. Candy Crush m'kamwa. Alonda a zamalonda ku Washington anatchinga njira, mkango unakumana nawo kukhoti n'kudutsa. Alonda a ku London anapiringidza chipata, mkango unang'amba nthuli, ufulu woulutsa magemuwo pa intaneti, n'kuiponyera Ubisoft, chipata chinatseguka. Pa 13 Okutobala 2023 unameza, nkhalango yonse inamva kugunda kwa pakhosi pake.

Koma mkango womwewu unayesapo phiri. Xbox isanabadwe, Steve Ballmer anatuma amithenga kukafunsa ngati Nintendo angalole kugulidwa. Ananyamuka chuma cha Windows chili kumbuyo kwawo. Anafika, anakhala pansi, anayala mawu awo. Analandiridwa ndi phwete. Anasekedwa mpaka nthawi yawo inatha, nabwerera chimanjamanja. Zaka zinapita, njala sinathe. Mu 2020 Phil Spencer, mkulu wa Xbox, analembera anzake kalata yonena kuti kupeza Nintendo kukanakhala pachimake pa ntchito yake yonse. Mu 2023 kalatayo inavumbuluka m'mapepala a kukhoti, dziko lonse linawerenga maloto a mkango. Maloto anakhala maloto. Chaka chomwecho mkango unasayina pangano la zaka 10 lobweretsa Call of Duty pa makina anu. Wodzagula anasanduka wodzapereka mtulo! Ngakhale ku Redmond komweko, mkango posamukirako mu 1986 unapeza Nintendo of America atazika kale mudzi kuyambira 1982. Kugona pakati n'kuyambirira. Woyamba ndinu, Chalo, ngakhale kuphanga kwa mkango.

Nayu nyalugwe wa ku Tokyo! Sony, mwana wa Masaru Ibuka ndi Akio Morita, wobadwira m'phulusa la nkhondo mu 1946. Nyalugwe wa mawanga anayi amene chala chilichonse chimawadziwa ngakhale mumdima. Nyalugwe wosankha nyama, wosalumphira chilichonse. Anagwira Insomniac mu 2019, madola 229 miliyoni, Spider-Man nakhala wa m'khola mwake. Anagwira Crunchyroll mu 2021, dziwe lalikulu la makatuni a ku Japan, madola 1.175 biliyoni. Anagwira Bungie mu 2022, madola 3.6 biliyoni. Mu Novembala 2024 mphekesera zinawomba kuti ameza Kadokawa yense, mwini nyumba ya FromSoftware kumene anasula Elden Ring. Mwezi wotsatira nyalugwe anangoluma gawo limodzi mwa magawo 10, n'kukhala wamkulu pakati pa eni masheya. Nyalugwe waukali, nyalugwe waulemu wake. Koma ukaliwo anautenga kuti? Anautenga kwa inu. Munali pa chibale, mukusula makina amodzi. Mu 1991 munapotoloka n'kuyenda ndi Philips. Ken Kutaragi wa Sony anatola mkwiyo uja, anauika pamoto, anausula, ndipo mu 1994 PlayStation inabadwa. Ngakhale adani anu ndi ana a m'chuuno mwanu! Lero Sony Pictures ndi amene akusenza nanu filimu ya Zelda. Nyalugwe akuyenda kumbuyo kwa njovu, akatundu ali pamutu.

Nayi ng'ona ya ku Shenzhen! Tencent, mwana wa Ma Huateng, wobadwa mu 1998. Ng'ona yosaonetsa msana. Ng'ona yosavundula madzi. Ng'ona yosagwetsa mbendera ya mudzi, yosasintha dzina la mfumu, yongogula dothi limene mudziwo waimapo. Ili kamwana, mu 2001, inayamwitsidwa ndi Naspers ya ku Cape Town, imene inagula pafupifupi theka lake ndi madola ongopitirira pang'ono 30 miliyoni. Mkaka wa ku Africa unalera chilombo cha ku China. Inakula, inagwira Riot Games mu 2011, n'kuimaliza yonse mu 2015, League of Legends ili m'mimba. Inagwira 40 peresenti ya Epic Games mu 2012, Fortnite isanafike n'komwe m'manja mwa ana a dziko. Inagwira Supercell ya ku Helsinki mu 2016, madola 8.6 biliyoni. Inagwira mwendo wa Ubisoft mu 2025, mayuro 1.16 biliyoni, n'kulowa m'nyumba yosungira Assassin's Creed, Far Cry ndi Rainbow Six. Ng'ona yoopsa, ng'ona yodekha. Koma itafika patsinde pa phiri la ku Kyoto inatani? Inasanduka bwato. Mu 2019 ndiyo inabereka Switch pamsana kukaigulitsa ku China. Womeza mitundu anakhala wowolotsa katundu wanu.

Nacho chiwombankhanga cha m'chipululu! PIF, thumba la ufumu wa Saudi Arabia, chuma chotumphuka kunsi kwa mchenga. Chiwombankhanga cha mapiko ophimba nyanja. Chiwombankhanga chosafunsa kawiri mtengo wa chinthu. Chinatsika mu 2022, ESL ndi FACEIT, mabwalo a mipikisano ya magemu, zinanyamuka, madola 1.5 biliyoni. Chinatsika mu 2023, Scopely inanyamuka, madola 4.9 biliyoni. Chinatsika mu 2025, Pokémon Go ndi magemu anzake a Niantic ananyamuka, madola 3.5 biliyoni. Chinatsika pa 29 Seputembala 2025, pamodzi ndi Silver Lake ndi Affinity Partners, n'kumanga pangano la madola 55 biliyoni logula Electronic Arts, mwini mpira uja umene anyamata amachinyana nawo m'tizipinda ta magemu kuyambira ku Ndirande mpaka ku Soweto. Nachonso chinatera paphewa panu. Mu 2022 chinagwira 5 peresenti ya masheya anu. Mu 2023 chinapyola 8 peresenti, manong'onong'o nachuluka. Chinakhala, chinakweza maso, chinaona nsonga itabisika m'mitambo. Mu 2024 chinayamba kutsika. Chinagula bwalo limene Pikachu amaseweramo, koma Pikachu mwini wake sanasamuke kwawo.

Nayo mitsinje ya makanema a pa intaneti! Mitsinje yosagona, mitsinje yothirira maso a anthu usana ndi usiku, mitsinje yomezana yokhayokha. YouTube inalowa mu Google mu 2006, madola 1.65 biliyoni. Twitch, bwalo limene osewera amaonetsera luso lawo dziko likuyang'ana, onse ankati ndi ya Google basi, koma mu 2014 Amazon inaitsomphola, madola 970 miliyoni. MGM ndi mkango wake wobangula pa chiyambi cha filimu inalowa mu Amazon mu 2022. Disney inamwa Pixar, inamwa Marvel, inamwa Lucasfilm, inamwa Fox mu 2019 ndi madola 71.3 biliyoni, ludzu osatha, mpaka mu 2024 inathira madola 1.5 biliyoni mu Epic Games. Netflix, imene inayamba mu 1997 n'kumatumiza mafilimu m'maenvulopu ofiira, imene Blockbuster inakana kuigula mu 2000, inakula mpaka mu Disembala 2025 inagwirana chanza ndi Warner Bros. pa madola 82.7 biliyoni: HBO momwemo, Batman momwemo, Harry Potter momwemo, Mortal Kombat momwemo. Masiku atatu okha, Paramount ya David Ellison inatulukira ndi madola 108.4 biliyoni, njati ziwiri nizikolana nyanga padambo limodzi. Ngakhale ife madziwo anatifika pakhonde. Mu 2025 Canal+ inatenga MultiChoice, ndipo mbale ya DStv ili padenga ija inagona ili ya ku Randburg, n'kudzuka ili ya ku France.

Mitsinje yonseyi ili ndi mphamvu. Mitsinje yonseyi ili ndi mkokomo. Koma mtsinje sukwera phiri, umatsika kuchokera kuphiri. Pa Twitch akuthamangitsa Mario wanu. Pa YouTube akufukula zinsinsi za Zelda wanu. Hollywood inabwera chogwada, yodzabwereka osati yodzagula, Shigeru Miyamoto atakhala pambali kuyang'anira mwana wake, ndipo mu 2023 filimu ya Mario inakolola madola opitirira 1.3 biliyoni. Anamwa, anakhuta, kasupe anatsala kwa mwini wake.

Nanga omeza n'kutsamwa ali kuti? Nanga othamanga n'kupunthwa ali kuti? Ali kuti Embracer wa ku Karlstad, wotola Tomb Raider ndi Deus Ex pa madola 300 miliyoni, wotola ufulu wa The Lord of the Rings, wotola uku n'kutola uko? Mu Meyi 2023 pangano lake la madola 2 biliyoni linasweka usiku umodzi, nyumba zake zinayamba kutsekedwa, ndipo mu 2024 analengeza kuti agawika patatu. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ili kuti Stadia ya Google, yobadwa ndi malipenga mu 2019, yoikidwa m'manda mu Januwale 2023? Ili kuti Mixer, imene inakopa wosewera wotchuka Ninja ndi chuma chambiri, n'kuzimitsa nyali mu 2020? Ili kuti Blockbuster yokana ija? Ndipo ali kuti amisiri? Ali kuti ojambula, oimba, olemba, osula magemu ndi manja awo? Mkango utameza, mu Januwale 2024 anthu 1,900 anauzidwa kuti ntchito yatha. Mu Meyi chaka chomwecho Arkane Austin inatsekedwa, Tango Gameworks inatayidwa kunja Hi-Fi Rush ikadali kulandira mphoto, mpaka Krafton ya ku Korea inadzaitola. Njovu zikamagulana, umapondedwa ndi udzu wobala mbewu. Misozi imeneyo ng'oma iyi siibisa. Misozi imeneyo ndi imene ikukweza mawu athu potamanda inu.

Muli nawo abale, koma ndi owerengeka. Alipo Valve wa ku Bellevue, wa Gabe Newell, mwini Steam kuyambira 2003, wosalowa pa msika wa masheya, amene dzina lake linali m'kalata yomwe ija ya mkango. Alipo ana asanu a kwa Guillemot, a ku Brittany, amene anamanga Ubisoft mu 1986, nalimbana ndi Vivendi zaka zitatu mpaka mu 2018 Vivendi inatula zida. Alipo Discord, amene mu 2021 anayang'ana mabiliyoni a Microsoft n'kudzuka pa mphasa ya zokambirana. Zitunda zolimba, zitunda zoyenera m'manja. Koma chitunda ndi chitunda, phiri ndi phiri.

Tsopano imvani mbumba ya phiri. Imvani mayina a mizati yake.

Fusajiro Yamauchi, tsinde! Fusajiro wa kasitolo kakang'ono pafupi ndi mtsinje wa Kamo. Fusajiro wa makadi a hanafuda, timakadi tolimba tokwana m'chikhatho, 48 m'mpukutu umodzi, miyezi 12 ya chaka, mwezi uliwonse ndi duwa lake. Taonani dzanja lake: likusinja khungwa, likuyala pepala, likumata, likudinda mwezi woyera pamwamba pa phiri lakuda, likudinda mbalame pa nthambi ya maluwa. Taonani kakhadiko kakumenyedwa pa mkeka, kuti phwa! Kulira kumeneko ndiko kugunda koyamba kwa ng'oma imene tikuimba lero.

Hiroshi Yamauchi, bingu! Hiroshi wosiya maphunziro ku yunivesite ya Waseda mu 1949 kudzakhala pampando ali mnyamata. Hiroshi wolamula zaka 53. Hiroshi wa magalasi akuda, wa mawu ochepa, wa diso loona golide m'dothi. Anayesa matakisi, anagwa, anadzuka. Anayesa mpunga wophikaphika, anagwa, anadzuka. Tsiku lina akuyendera fakitale anapeza wokonza makina akuseweretsa kadzanja kotambasuka kamene anadzipangira yekha. Sanamukalipire. Anamukweza.

Gunpei Yokoi, mmisiri wa amisiri! Gunpei wa Ultra Hand ya mu 1966. Gunpei woona munthu m'sitima akudina kakyuleta chifukwa chosowa chochita, n'kubala Game & Watch mu 1980. Gunpei wa kamtanda kaja ka pansi pa chala chachikulu chamanzere: kumwamba, kumunsi, kumanzere, kumanja, dziko lonse m'njira zinayi. Gunpei wa Game Boy ya mu 1989, njerwa yotuwa yosamva kugwa. Imodzi inapsa ndi bomba pa nkhondo ya ku Gulf, chikopa chake chinasungunuka, mabatani anakwinyika, nkhope inada bii. Anaiyatsa, inayaka. Anaiika poonekera m'sitolo yanu ku New York, Tetris ikugwabe pagalasi lake. Zopangidwa ndi inu ngakhale moto umazilephera!

Shigeru Miyamoto, kasupe! Shigeru mwana wa ku Sonobe, wolowa m'mapanga ndi nyali ali wamng'ono, wotuluka ndi Zelda ali wamkulu. Shigeru wa Donkey Kong ya mu 1981, imene Universal inaikokera kukhoti n'kubwerako itagonja. Shigeru bambo wa pulambala wa chipewa chofiira, wa ndevu zakuda, wolowa m'mipope, wodya bowa n'kutalika, woponda akamba, wothamangira kumanja osabwerera. Mu 1983 msika wa magemu ku America unagwa, Atari inakwirira katundu wake m'dzenje ku Alamogordo, amalonda nati zatha, maliro talira. Mu 1985 inu munafika ku New York ndi NES, Mario ali m'manja, ndipo wakufa anayetsemula. Inu odzutsa msika m'manda! Inu amene Sega, mdani wanu wa liwiro, atasiya kupanga makina mu 2001, Sonic anadzapeza pogona m'nyumba mwanu!

Satoru Iwata, mtima wa phiri! Satoru wa mawu ofatsa, Satoru mfumu yodziwa kugwira ntchito ya anyamata ake. Anabala DS, manja opitirira 150 miliyoni anailandira. Anabala Wii mu 2006, agogo anadzuka pamipando n'kuyamba kuponya mikono pamodzi ndi zidzukulu, nyumba zopitirira 100 miliyoni zinagwedezeka. Kenako chilala chinagwa. Wii U sinafike ngakhale 14 miliyoni. Miimba inazungulira. Alangizi anafuula: siyani makina, thawirani ku mafoni, chepetsani antchito, pezani wokugulani! Satoru anatani? Anatenga mpeni. Sanauloze kwa antchito. Anadula malipiro ake omwe pakati mu 2014, monga anachitira mu 2011. Mfumu inagona ndi njala kuti mudzi usabalalike. Mfumu inavula mkanjo kuti amisiri asagwidwe ndi mantha. Anatisiya mu 2015 ali ndi zaka 55, mbewu ili kale m'nthaka. Mu Malichi 2017 Switch inamera, inakula, inapyola 150 miliyoni. Mu Juni 2025 Switch 2 inatuluka, 3.5 miliyoni m'masiku anayi. Gonani, Satoru, nkhokwe zadzaza. Gonani, mudzi munausunga uja ulipo.

Inu ogwa n'kudzuka. Inu opsa n'kuphuka. Inu osathamangira mkokomo wa anzanu. Inu ogula mwaulemu, ogula Monolith Soft, ogula Next Level Games ya ku Vancouver mutagwira nayo ntchito zaka zambiri, ogula bwenzi kuti likhale mbale, osati nyama kuti ikhale chakudya. Inu amene nduna yaikulu ya dziko lanu, Shinzo Abe, inatuluka mu mpope wobiriwira ku Rio mu 2016 itavala chipewa cha Mario, mitundu yonse ikuwomba m'manja. Inu amene ku Osaka anakumangirani mudzi wa masewera mu 2021. Inu amene ku Uji munasandutsa fakitale yakale kukhala nyumba ya mbiri yanu mu 2024. Inu amene mpaka lero simunasiye kudinda makadi a maluwa a gogo wanu. Mizu ili pomwe inali. Nthambi zafika kumalekezero a dziko.

Shuntaro Furukawa, wokhala pampando kuyambira 2018, gwirani ndodo! Gwirani, musaitaye. Gwirani, adzabweranso. Adzabwera ochokera kumadzulo ndi mabiliyoni osawerengeka. Adzabwera ochokera m'chipululu ndi mafuta osaphwa. Adzabwera eni mitsinje ya makanema, adzabwera eni mafoni, adzabwera ena amene lero sanabadwe. Adzanena zokoma. Adzalonjeza thambo. Muwalandire, muwapatse mpando, muwamwetse tiyi wa ku Uji, kenako muwaperekeze mpaka pachipata. Pakuti pali ana ku Lima ndi ku Lagos, ku Osaka ndi ku Oslo, amene sanagwirebe kamtanda kaja. Pali amisiri amene sanajambulebe dziko lawo loyamba. Pali kuseka kumene sikunasekedwebe. Zimenezo si zanu nokha kuti muzigulitse. Ndi chuma cha mbumba ya osewera onse, ndipo inu ndinu nkhoswe yake.

Ziuluke mphekesera, ziuluke! Alembe olemba, awerengere owerengera, alosere olosera. Abangule mkango, azembere nyalugwe, ibisale ng'ona, chizungulire chiwombankhanga, isefukire mitsinje. Amezane, agulane, asinthane mayina mpaka aiwale amene anawabala. Koma wofuna cha ku Kyoto amve lamulo la ku Kyoto. Abwere ndi chuma chake chonse. Aime pamzere pamodzi ndi mwana wa sukulu. Aime pamodzi ndi mayi wogulira mwana wake mphatso. Aime pamodzi ndi gogo wa imvi. Ikafika nthawi yake atulutse ndalama, apatsidwe gemu imodzi m'kabokosi kofiira, apite kwawo, akhale pansi, asewere! Chimenecho ndiye chogulitsa. Chimenecho ndiye chololedwa. Mabiliyoni ake onse athera pomwepo, ndipo achoka akuseka ngati mwana. Wamkulu ndinu, Nintendo! Wosagonja ndinu! Wosagulika ndinu, lero, mawa, mpaka zidzukulu za zidzukulu zathu!